Nyenyezi Ziwiri za Azakhali

Dzina loti Kanyerere anam'patsa ndi azakhali ake, chifukwa kuyambira ali kamtsikana sankadziwa kukhala pansi. Azakhali omwewo ndi amene anamulera makolo ake atamwalira, ndipo atamaliza sukulu n'kusowa ntchito, ndi iwo okha amene anamvetsera maganizo ake osaseka.

Maganizowo anali akuti munthu amene ali ndi chipinda chongokhala achijambule n'kuchiika pa intaneti, kuti mlendo wobwera kutchuthi achione pafoni, alipire, adzagonemo. Kanyerere ndi mnzake wa kusukulu, amene anthu ankamutcha Magalasi, anakonza tsamba la pa intaneti la ntchitoyi pathebulo la kukhitchini kwa azakhali. Vuto linali lakuti palibe amene ankafuna kulowetsa munthu wosamudziwa m'nyumba mwake.

"Yambani ndi kwanga kuno," anatero azakhali. "M'chipinda chakumapetocho mumangogona akangaude. Akafuna kuba, aba chiyani? Ndowa yobooka ija?"

Alendo anabwera, ndipo azakhali anawagwira mtima. Ankawachingamira pageti, kuwaphikira tiyi m'mawa, ngakhale kuwasokera batani likathothoka. Pochoka, mlendo aliyense ankapereka nyenyezi pa tsambalo kusonyeza mmene wakhutirira, ndipo azakhali ankangokolola zisanu zokhazokha. Aneba ataona, nawonso analembetsa zipinda zawo.

Pomatha zaka zisanu, nyumba zinali zitafika zikwi zinayi m'mizinda isanu. Kampani inasamukira mu ofesi ya makoma agalasi, pansanjika yachinayi, ndi antchito makumi anayi. Kanyerere anapeza nyumba yake pafupi ndi ofesiyo. Akaimba foni kwa azakhali, mawu anali omwewo: "Ndibwera Loweruka." Loweruka lake linakhala ngati mawa la munthu waulesi.

Chaka chimenecho Magalasi anabweretsa lamulo pamsonkhano: nyumba yotsika pansi pa nyenyezi zitatu izichotsedwa ndi kompyuta yokha, popanda munthu kuikira kumbuyo m'bale wake. Kanyerere anavomera, n'kusaina ali chiimire, foni ili kukhutu.

Lachinayi lina masana, mtsikana wolandira madandaulo anagogoda pachitseko chake ali ndi pepala m'manja.

"Bwana, pepani. Nyumba nambala wani ija, si ya kwanu?"

"Yatani?"

"Inachotsedwa miyezi iwiri yapitayo. Inatsika kufika pa nyenyezi ziwiri. Ndimayesa mukudziwa."

Papepalapo panali zimene alendo omaliza analemba. Wina anati mayi wa nyumbayo anamufunsa dzina kasanu tsiku limodzi. Wina anati analowa m'chipinda osagogoda n'kuyamba kumukalipira kuti achedwa kusukulu. Wachitatu anapeza mbaula ikuyaka, poto atapserera, mayiwo atakhala pakhonde osadziwa kanthu. "Ndi munthu wabwino," analemba choncho, "koma kodi alibe abale?"

Kanyerere anawerenga mzere umenewo kawiri. Anatenga makiyi a galimoto n'kutuluka osatsanzika.

Anapeza geti lili pululu, maluwa a m'zitini atauma. Azakhali anali pakhonde, atavala diresi yawo yabuluu yolandirira alendo, koma kuphazi kumodzi kunali nsapato, kwinako silipasi. Anali ataonda moti mphete inkazungulira pachala. Ataona galimoto anaimirira, nkhope ikuwala.

"Mwafika! Ndimati mwasochera. Katundu wanu ali kuti, amayi?"

"Azakhali, ndine."

"Eya, eya, ndinu amene. Lowani, musaope, galu anafa kalekale."

Anamutsogolera ku chipinda chakumapeto. Bedi linali loyalidwa bwino, thawulo lopindidwa pamwamba, kasopo katsopano pambali. Pawindo panali makapu atatu a tiyi wozizira, wina atachita nkhungu.

"Masiku ano alendo achepa," anatero azakhali akuwongola pilo. "Kaya ndi nyengo. Zonsezitu anayambitsa ndi mwana wa achimwene anga. Mutu wake uja! Mukadzamuona mudzamuuze kuti asamadumphe chakudya, amaiwala kudya ameneyo."

Kanyerere anakhala pabedi.

"Mwatopa," anatero azakhali. "Ndikuikireni madzi osamba."

Kanyerere atatuluka panja, mayi wa nyumba yoyandikana, amene anaona galimoto, anamuitanira kumpanda. Sanamupatse moni.

"Ndiwe wabwera? Ine ndakhala ndikuwazimitsira mbaula kuyambira chaka chatha. Ndinaimba ku ofesi kwanu katatu, amangondiuza kuti dinani wani, dinani thuu. Ndidine chiyani ine, munthu akutha?"

Kanyerere anangoti, "Zikomo, amayi," maso ali pansi.

M'mawa mwake anawatengera kuchipatala. Dokotala anawafunsa tsiku, mwezi ndi chaka, azakhali n'kumangoseka mwamanyazi. Kenako anatulutsa Kanyerere pakhonde n'kumuuza kuti matenda oiwalawa sabwerera m'mbuyo. Akanabwera msanga, mankhwala akanawachedwetsako pang'ono.

Kanyerere ali pamzere wa mankhwala, Magalasi anaimba. Anali atamva, ndipo mawu ake anali ofewa.

"Nyumbayo ndikhoza kuibwezera pa tsamba lero lomwe. Lamulo tinapanga ndife."

"Usatero," anayankha Kanyerere. "Alendowo sananame."

Sabata yomweyo anabweza makiyi a nyumba yake ya pafupi ndi ofesi n'kubwerera kwa azakhali. Ku ntchito ankapita masiku atatu okha, masiku enawo n'kumagwirira pakhonde. Kampani sinatsimphine n'komwe: inatsegula m'mizinda ina iwiri, ndipo pa chithunzi cha mwambo wotsegulira panali Magalasi yekha atagwira lumo.

Azakhali anakhala chaka china ndi miyezi inayi. Masiku ambiri ankamutenga ngati mlendo waulemu amene wakhalitsa, ndipo ankamudandaulira kuti asamatsuke mbale, si ntchito ya alendo. Kawiri kapena katatu anamuzindikira. Komaliza kunali m'chipatala, kutatsala masiku anayi kuti atisiye. Anamuyang'ana nthawi yaitali akuwasendera lalanje, kenako anati, "Iwe, tsitsi lako layamba imvi liti?"

Kanyerere anaseka, misozi ikugwera pa lalanjelo, ndipo anawadyetsa kachidutswa kamodzi. Kachiwiri anakana.