Kwawo kwa Wosoka Nsapato

"Munthu sagona m'dziko la eni ngati kuti alibe abale," anatero bambo aang'ono akugogoda tebulo ndi chala. Mawu amenewa anali atawabwereza kuyambira m'mawa, mpaka tiyi anazizirira m'kapu.

Tsabola anaima pakhomo la khitchini atanyamula ketulo. Dzina limeneli anamupatsa ndi malemu bambo ake chifukwa cha pakamwa pake, koma tsiku limeneli ankayesetsa kuugwira mtima. Thupi la bambo akewo linali lidakali ku nyumba yachisoni ya chipatala, ndipo a kumeneko ankangofunsabe kuti banja lagwirizana zotani.

Malemuwo anafika mumzindamo Tsabola asanabadwe, atanyamula chikwama chimodzi. Anayamba kusoka nsapato pakhonde la sitolo ya munthu wina, kenako anapeza kachipinda kogwiriramo ntchito, ndipo patapita zaka anatenga zipinda za pamwamba pake n'kuitanitsa mkazi wawo. Msewu wonsewo unali wa anthu obwera. Wometa wa khomo loyandikana anali wochokera dziko lina, mayi wogulitsa nsalu dziko linanso, ndipo onse ankalankhulana m'chilankhulo cha mumzindamo, aliyense akuchithyola mwa njira yake. Bambo aang'ono anali asanapondepo pamenepo. Anabwera atamva za maliro, ndipo chifikireni ankangodandaula za masitepe, phokoso la magalimoto ndi madzi onunkha mankhwala.

Tsabola anaika ketulo pansi n'kufunsa mwaulemu kuti kodi manda akakhala kutsidya kwa malire, adzawasesa ndani. Bambo aang'ono anayankha kuti abale alipo ambiri. Iye anafunsanso kuti abale ambiriwo anali kuti pamene malemu ankalephera kutsika masitepe, wometa n'kumawabereka kumsana kupita nawo ku galimoto.

"Mwana iwe, ndine bambo wako," anatero iwo motsitsa mawu. "Kumudzi kuli munda wa achimwene. Tikawasiya kuno, anthu adzati anali mtchona, ndipo mtchona alibe munda. Ndikumenyera inu nomwe."

Tsabola anayang'ana mlongo wake wamwamuna, amene ankayendetsa lole yonyamula katundu wa m'masitolo. Ankayembekezera kuti amuthandiza, poti onse anabadwira m'zipinda zomwezo. Koma mlongo wakeyo anangoweramitsa mutu n'kunena kuti bambo aang'ono akunena zoona.

Tsabola anamukokera pakhonde lakuseri, pakati pa zovala zoyanika. Kumeneko mlongo wake anamasuka. Anati Tsabola ndi mphunzitsi, ana asukulu amamupatsa moni m'misewu, koma iye tsiku ndi tsiku amaimitsidwa panjira, akangotchula dzina la bambo ake n'kufunsidwa kuti kwawo kwenikweni n'kuti. Anati watopa kuyankha funso limenelo, ndipo akufuna malo amodzi padziko pano pomwe palibe angamuuze kuti achoke.

Tsabola anamukumbutsa za ulendo umodzi wokha umene anapita kumudziko ali ana. Asuweni awo ankawaseka kalankhulidwe, n'kumawatchula kuti alendo mpaka tsiku lobwerera.

"Kuno ndife obwera, uko ndife alendo," anatero. "Ndiye ukuganiza kuti manda asintha chiyani?"

Mlongo wake anangosuntha malaya onyowa amene ankamudonthezera paphewa n'kulowa m'nyumba.

Mayi awo anali kuchipinda, akupinda zovala za malemu pabedi. Chiyambireni mkanganowo anali asanatsegule pakamwa, ndipo zimenezi n'zimene zinkamupweteka kwambiri Tsabola. Anatseka chitseko n'kuwapempha kuti anene zimene bambo ankafuna, kuti nkhani ithe.

Mayi anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anati amuna awo ananena zonse ziwiri. Malonda akavuta, kapena wina akawanyoza pamsewu, ankati akadzamwalira adzawatengere kwawo. Koma tsiku likayenda bwino, atakhala pabenchi ndi wometa akunamizana nkhani, ankati pano m'pamene anakhalira munthu, asadzawavutitse ndi ulendo. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa akupita kukamanga kumudzi, ndipo chaka chilichonse ankapentanso chitseko cha shopu.

"Ndiye musankhe ndinu, mayi."

"Ndasankha kale. Ndawauza bambo ako aang'ono kuti awatenge."

Tsabola anakhala pansi pamphepete mwa bedi. Anafunsa ngati mayi akudziwa kuti akadzafuna kuona manda a amuna awo adzayenera kuima pamzere pamalire ngati munthu wokapempha. Mayi anati akudziwa. Anati iwo sakusamuka, adzakaika maliro n'kubwerera, chifukwa anzawo, tchalitchi chawo ndi dokotala wa miyendo yawo zonse zili mumsewu womwewu.

"Iwe ndi ine tili napo poponda," anatero akusalaza kolala ya malaya. "Mlongo wako alibe. Bambo ako apite akamugwirire malo."

Tsabola anafuna kunena zambiri. Anafuna kunena kuti n'kulakwa kutuma munthu wakufa ntchito imene anaizemba ali moyo, komanso kuti mundawo mwina wina anaulima kalekale. Koma anangoyang'ana mayi ake akumanga mabatani a malaya aja, kenako anatuluka. Masana onse anatsuka mbale zoyera kale, akuziwombanitsa kuti a pabalaza amve.

M'mawa wa tsiku la ulendo, galimoto yonyamula bokosi inaima kutsogolo kwa shopu. Anthu a mumsewumo anatseka malonda awo n'kuima m'mbali. Wometa anagwira galasi la galimotoyo n'kulankhula motsitsa m'chilankhulo cha kwawo chimene panalibe wina ankachimva. Bambo aang'ono ankatsika masitepe akufulumizitsa aliyense, ndipo pa sitepe yomaliza anapunthwa. Soli ya nsapato yawo yakumanja inamatuka n'kuyasama mpaka pakati.

Iwo anati zilibe kanthu, amanga ndi chingwe, ulendo usachedwe. Mayi anayang'ana phazilo, kenako anayang'ana mwana wawo wamkazi.

"Munthu sachoka pakhomo pano ndi nsapato yotere," anatero.

Tsabola anatsegula shopu mokwiya, chitseko mpaka kumenya khoma. M'katimo munkanunkha guluu ndi chikopa. Anawalozera benchi ya makasitomala, ndipo bambo aang'ono anakhala, phazi limodzi lili m'sokosi yobooka pachala. Iye anakhala pampando wa bambo ake, anapala soliyo, anapaka guluu, n'kutenga singano yokhota ndi ulusi wopaka phula. Anali asanagwire zimenezi chichokereni kusukulu, koma manja anakumbukira okha. Panja dalaivala analiza hutala, iye osadzutsa n'komwe mutu.

Bambo aang'ono ankayang'ana mashelefu odzaza nsapato za anthu, zina zokonzedwa kale zikudikira eni ake. Anatsokomola n'kunena kuti sankadziwa kuti achimwene anali ndi malo otere. Tsabola anadula ulusi, anapukuta nsapatoyo ndi kansalu n'kuiika pafupi ndi phazi lawo.

Iwo anaivala, anapondaponda pansi, kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete.

"Siyani, bambo," anatero Tsabola akubwezera singano pamalo pake. "Pashopu pano munthu wongofika kumene salipira."