Masitepe Amiyala

Bambo Anderson Chirambo anaima pakati pa masitepe a fulati ya ku Ilford, dzanja lina pachitsulo, lina pandodo, thukuta lili kamukamu. Lifiti inali bwinobwino. Koma chionereni zithunzi za nyumba imene mwana wawo Martha ndi mwamuna wake Killian anagula ku Wales, mkuluyu analumbira kuti lifiti sakweranso.

Tisanamizane, inali nyumba. Makoma amiyala yotuwa, ochindikala moti munthu akhoza kukhala pawindo n'kutambasula miyendo. Denga lamiyala yakuda yopyapyala. Mitanda yoderapo ndi utsi wa anthu amene anafa kalekale. Pabalaza panali posonkhera moto papakulu ngati kachipinda, benchi ili m'kati momwemo, ndipo pambali pake masitepe amiyala, opapatiza, ankazungulira m'khoma kukwera kuzipinda zogona. Martha anafotokoza m'Chingerezi, monga ankayankhira nthawi zonse bambo ake akamuyankhula Chichewa, kuti nyumbayo ndi yotetezedwa ndi lamulo, sungagumule mwala ngakhale umodzi.

Anderson anamva zawozawo: kuti ayenera kuphunziranso kukwera. Chiwagwireni sitiroko, mwendo wakumanzere unkachita ngati wobwereka. Koma si mwendo womwewu unadutsa tchire kulowa m'Zambia pamene ankathawa kwawo, Martha ali khanda kumsana kwa mkazi wawo, malemu Etta? Tsiku ndi tsiku ankaukoka, akudziuza kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Anali atakonzanso pemphero, pakuti nyumba yatsopano salowa bambo asanaidalitse.

Martha anawapeza pomwepo atanyamula makatoni. Iwo, akupuma mwabefu, anamuuza monyadira kuti lero afika pamwamba osapumira panjira, masitepe a ku Wales aja sangawavute. Mwanayo anatula makatoni. Ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri anawayankha m'Chichewa, chija chotsimphina cha ana okulira kunja.

"Adadi, mukuzivutitsa. Inu simupita."

Anawauza kuti wawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba ku Edmonton, pafupi ndi chipatala, kopanda sitepe ndi imodzi yomwe. Mkuluyo anakumbutsa za kachipinda kapansi kaja, kotsamira khoma la moto, kamene anakaona pachithunzi. Martha anati pansi pake ndi pamiyala yosalingana, akhoza kugwa. Komanso Killian wakonza kale zoti muzigona galu, poti galuyo amamva chisanu.

Mtima wa Anderson unawawa kuposa tsiku limene anaika mkazi wawo m'manda.

"Masitepewo unawaona usanagule?"

"Ndinawaona. Tinaona nyumba zambiri, zina zopanda masitepe. Iyi ndinasankha ine."

Sanayang'ane kumbali ponena zimenezi, ayi ndithu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma Martha mwendowo anauona bwinobwino, n'kuupezera nyumba yoti usadzalowemo. Kenaka anatola makatoni ake, n'kuwonjezera kuti pemphero lija akulifunabe, angopemphera pafoni.

Ku Edmonton anawakhazika pampando woyang'ana malo oimikapo magalimoto, bulangete pamiyendo. Lamlungu lina masana foni inalira. Martha anaoneka pagalasi la foniyo ali pakhomo lalifupi lathundu, akuwerama polowa. Anawaonetsa moto ukuyaka, galu atadzipinda pabenchi, kenaka anayamba kukwera masitepe aja foni ili patsogolo. Miyala inali yokumbika pakati, podyedwa ndi mapazi a eni ake akale. Pansi pa bulangete mwendo wa Anderson unkadzuka, kutsika, kudzukanso, osaphonya sitepe.

"Mwaona, adadi, mwakwera," anatero Martha akuseka. "Pempherani tsopano, Killian akudikira chakudya."

Anatsinzina. Anapempha Mulungu kuti adalitse maziko ndi denga, asunge olowa ndi otuluka, ndiponso kuti mwana wawo akadzakalamba miyendo yake isadzamukane m'nyumba imeneyo. Anapemphera nthawi yaitali, osadziwa kuti makoma ochindikala aja anali atadula netiweki kalekale.

Atati ameni palibe anavomera. Anatsegula maso, ndipo pagalasi lakuda la foniyo anaona nkhalamba ikuwayang'ana, phazi limodzi lili m'mwamba.