Khofi Amene a Bakhit Sanamwe

Mahad anazimitsa injini, boti n'kuyamba kungoyandama. Chapatali ndithu namgumi anapemerera madzi m'mwamba, ndipo pambali pake panatumphuka kamsana kakuda ka mwana wake. Dzuwa linali litapendekera kumapiri a ku Mirbat.

"Injini yafa kodi?" anafunsa a Bakhit.

"Ayi, ndazimitsa dala. Tionere pompano. Ali ndi khanda uyu, safuna phokoso."

A Bakhit sanali ngati alendo ena amene Mahad ankawatenga madzulo kukaona anamgumi. Anali bambo ake a Muna, mtsikana amene Suhail, mwana wa Mahad, anamuikapo mtima. Lachisanu likudzalo Mahad ankayenera kupita kwawo kukamufunsira mwana wakeyo mbeta. N'chifukwa chake mkazi wake Tuful anamuumiriza kuti ayambe wawasangalatsa akuluwo panyanja.

"Akabwereko akumwetulira," anatero Tuful pomupatsira fulasiki ya khofi ndi zipatso za kanjedza. "Ndipo liuma lanu lija mulisiye kuno kunyumba."

Tsono Mahad anathira khofi m'kakapu, n'kupereka ndi dzanja lamanja. A Bakhit analandira, ananunkhiza, kenako anaika kapuyo pathabwa osamwa.

Mahad anayang'ana kapu ija. Kwathu kuno mlendo akaika kapu pansi osalawa, ndiye kuti ali ndi pempho, ndipo khofiyo samwedwa mpaka mwini malo atavomera.

"Imwani khofi wanu, akuluakulu. Chomwe mukufuna nenani."

"Kanthu kochepa, bambo a Suhail. Ine ndakalambira kumapiri ndi ngamila, chinyama ichi sindinachionepo. Ndisendezeni pafupi ndichione diso, ndijambule adzukulu anga akaone. Apa ndikungoona ngati thanthwe."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikakhala chete, nthawi zina amabwera okha."

"Nthawi zina? Ine ndapempha lero."

Mahad anayang'ana kumadzi. Mwana wa namgumi ndi mwana basi, amatumphuka paliponse pamene pamukomera, ngakhale pansi pa boti. Chaka chatha nyanja inalavulira kamwana kena pagombe, kamsana katatemedwatemedwa ndi chitsulo chozungulira cha injini, ndipo make anazungulira pamalopo mpaka anthu anasiya kuyang'anako. Chithunzi chimenecho chinali chisanamuchoke m'maso.

"Ndipempheni china chilichonse," anatero motsitsa mawu. "Ngakhale boti lomweli litengeni. Koma pamwana paja sindiyandikira."

"Boti ndikatani nalo? Ndikalimangirire m'khola la ngamila?"

Asanayankhe, kumbuyo kwawo kunamveka kulira kwa injini. Linali boti loyera la anyamata a kuhotela, lodzaza alendo, nyimbo zili pokopoko, mafoni ali m'mwamba. Linawadutsa ndi liwiro, mafunde ake n'kuwagwedeza mpaka khofi wa a Bakhit anatayikirako pathabwa.

Mahad anaimirira akukupiza manja. "Chepetsani, inu! Pali mwana apo!"

Alendo aja anamukupizira manja nawonso mokondwa, poyesa kuti akuwapatsa moni.

"Mwaona?" anatero a Bakhit. "Amuna anzanu ndi awo."

Boti loyeralo linakaima pamutu penipeni pa anamgumi. Make anatukula mchira, n'kumenya madzi kamodzi, ndipo onse awiri anamira. Anyamata aja anazungulirazungulira, kenako anatembenuka n'kumapita, alendo awo akuonetsana zithunzi. Panyanja panangoti zii.

Mahad anadikirabe. Anayang'ana kum'mawa, anayang'ana kumadzulo, koma ayi ndithu, ngakhale kampweya. Zinamuwawa kwabasi. Iye wakaniza mlendo, wadziikira khala lamoto m'manja, koma nyama imene amaisungira ulemuyo yathamangitsidwabe. Akanatha, akanawathamangira anyamata aja n'kuwazulira makiyi, koma nyanja ilibe mwini woti n'kukamudandaulira madzulo ngati amenewo.

"Anzathu aona mchira," anatero a Bakhit akupukuta magalasi ndi nsonga ya nduwira. "Ife taona kudekha. Maso a nkhono aja ali kuti, bambo a Suhail?"

"Pepani, akuluakulu. Ndikuthirireni wina wotentha?"

"Woyamba uja ndamwa kale?"

Anabwerera osalankhulana. Pofika padoko, kumzikiti kunali kukuitanidwa swala ya kulowa kwa dzuwa. Mahad anamanga chingwe, n'kutambasula dzanja kuti awathandize kutsika, koma a Bakhit anagwira mzati, n'kutsika okha. Atakonza mkanjo wawo, anatembenuka.

"Zikomo chifukwa cha ulendo. Lachisanu mubwere ndithu, tikudikirani. Pajatu inunso mudzaika kapu pansi, si choncho? Mudzaona, khofi wa kwathu nayenso amadziwa kuzizira."

Ananyamuka kulowera kumzikiti, ndodo ikugogoda pasimenti. Mahad anatola kapu ija, n'kukhuthulira khofi wotsalayo m'madzi.

Ataswali anapita kunyumba. Tuful anamuchingamira pakhomo, nyumba yonse ikununkhira lubani. Analandira fulasiki, ndipo atangomva kulemera kwake kumwetulira kunatha.

"Sanamwe?"

"Anaika kapu pansi."

"Amafuna chiyani?"

"Kuti ndiwasendeze pa namgumi."

"Ndiye inu?"

"Ndinakana."

Tuful anakhala pampando pang'onopang'ono, fulasiki ili pamiyendo. "Ndinanena ine za liumali. Munthu waika kapu pansi pa boti lanu, inu n'kumukaniza chifukwa cha nsomba?"

"Si nsomba, mayi a Suhail. Amayamwitsa ngati ife tomwe. Anali ndi mwana."

"Inunso muli ndi mwana."

 Mahad anawerama n'kuyamba kuvula nsapato.

"Lachisanu ndipita," anatero pomaliza. "Ndikaika kapu yanga pansi, ndikakhala pomwepo. Akafuna kuti khofiyo azizire, azizire ndili pamkeka pawo."

M'chipinda chamkati Suhail ankasita mkanjo wake watsopano, akuimba chapansipansi. Atamva mawu a bambo ake anasuzumira pakhomo, nkhope ili ngwee.

"Ababa, mwabwera? Apongozi anga akondwa?"