Misomali ya Boti pa Kabati

Che Abasi a ku Liwaladzi anali mmisiri wokhoma maboti, ndipo pakamwa pawo pankatuluka moto. Moto umenewo ndi umene unathamangitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Salimu. Mnyamatayo atakana ntchito ya maboti, bambo ake anamuuza kuti ali ndi manja a phala, iye n'kunyamula chikwama ulendo wokadula nzimbe ku Dwangwa. Dwangwa si kutali, komatu zaka zisanu ndi chimodzi zinatha osaponda pakhomo. Mkuluyo ankamusowa mwanayo koopsa, koma kuti anene, ndiye ayi.

Tsiku lina galimoto inatsitsa pamsewu tivi yochokera kwa Salimu, yamakedzana ija ya chimsana, yoti amuna awiri anafika nayo pakhomo ali wefuwefu. Uthenga unali wakuti Salimu abwera Lachisanu kudzailumikiza yekha, ndipo adzagona.

Mayi ake, a Rahila, anagwetsa misozi ya chimwemwe. Che Abasi anangong'ung'udza kuti chinthucho n'cholemera ngati injini. Sananame. Atachikweza pa kabati ya pabalaza, kabatiyo inapindika pakati, miyendo yake yodyedwa ndi chiswe n'kuyamba kulira. Anachitsitsa msanga. Mwana abwere adzapeze mphatso yake ili pansi ngati dengu la usipa? Sizingatheke.

Kudenga kunali matabwa a mlombwa amene anawasunga zaka khumi. Asilamu saika munthu m'bokosi. Amamugoneka m'mphako ya m'mbali mwa manda n'kutseka ndi matabwa kuti dothi lisamugwere. Amenewo anali a manda a Che Abasi eni ake, ndipo panalibe wololedwa kuwakhudza. Lachitatu anawatsitsa okha. A Rahila anawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

"Ine sindifa chaka chino," anayankha. "Ndidzapeza ena."

Anagwira ntchito yolimbitsa kabatiyo masiku awiri. Thabwa lina pamwamba, awiri m'mbali, lina mopingasa kumbuyo, miyendo yonse yatsopano. Nanga wokhoma maboti amadziwanso kukhoma kwina? Misomali inali ya boti, italiitali, ndipo uliwonse ukatulukira kuseri ankaupinda n'kuubwezera m'thabwa, monga amachitira pofuna kuti mafunde asauzule. Atamaliza anakhalapo okha n'kudzigwedeza, kabati ili nji, kenako n'kukwezapo tivi ija. Mumtima ankati Salimu akadzaona ntchito imeneyi adzamva yekha zimene pakamwa pakhala pakukanika kunena.

Lachisanu, anthu asanapite kumzikiti, inalira foni. Njinga yamoto imene Salimu anakwera inawombana ndi lole asanafike pa Liwaladzi. Anathera pomwepo.

Maliro a Chisilamu sagonera. Shehe anati aikidwe dzuwa lisanalowe, ndipo okumba manda anatumiza mawu kuti akudikira matabwa. Che Abasi sanalire. Anangoti mwana wawo atsekeredwa ndi mlombwa wa bambo ake, popeza china chomupatsa analibenso. Analowa m'nyumba ndi hamala, anthu n'kuwathandiza kutsitsa tivi, iwo n'kuyamba kuzula.

Koma abale, msomali wopinda suzuka. Thabwa la kumbuyo linang'ambika pakati. Enawo anakaniratu kusuntha. Mkuluyo anamenya, anakoka, anapanira ndi chitsulo mpaka zala kutuluka magazi, kabati osatheka. Mnansi wawo, a Mohamedi, anawagwira mkono n'kuwauza mwakachetechete kuti nthawi yatha, kwawo kuli matabwa a mango otsala pomanga khola la mbuzi. Salimu anatsekeredwa ndi amenewo.

Pochokera kumanda Che Abasi sanakhale pabwalo ndi amuna anzawo. A Rahila anawapeza pabalaza atakhala pansi patsogolo pa kabati, akusisita nsonga za misomali yopinda ija umodziumodzi. Apo m'pamene analira, kulira kwenikweni, ngati mwana.

"Ndinakhoma kuti isadzazuke, mwanangu," ankatero. "Ndimafuna udzaone kuti ndalimbitsa."