Penate ya Miyezi Khumi

Melody anandiuza kuti adzandiyankha mpira ukatha. Ananena zimenezi pa nthawi yopuma, ataima kuseri kwa golo ndi beseni la zitumbuwa pamutu, ine ndikupuma wefuwefu. Ndinali nditangomaliza Giredi 12, ndipo ndinali nditamulembera makalata asanu. Imodzi inali ya masamba anayi, yofanizira maso ake ndi nyale za basi ya ku Lusaka m'mamawa kukali nkhungu. Sanayankhe ngakhale imodzi.

"Mpira ukatha, Osward," anatero. "Pita, anzako akukuitana."

Inali fainolo ya ligi yathu ya m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mwezi wa Malichi 2020. Ife a Kamphasa Stars tinkamenyana ndi Malire United a ku Vubwi, pabwalo lomwe atate ake a Melody, a Bizwick, anabwereketsa ligi pamunda wawo wakale. Zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi. Pa mphindi ya 88 wina anandikola mwendo pafupi ndi golo, ndipo oimbira mpira, a Stanley, analoza penate. Ndinaika mpira pansi, ndinabwerera mapazi asanu. Ndinayang'ana Melody, kenaka goloboyi wawo Obvious, mnyamata woonda ngati bango.

Pomwepo galimoto ya a zaumoyo inalowa m'bwalo ndi chimkuzamawu. Kwabwera mliri wa korona, misonkhano yaletsedwa, aliyense azipita kwawo.

"Mphindi ziwiri zokha, bwana," ndinawapempha.

"Mphindi ziwirizo ukawerengere kunyumba," anayankha mmodzi wa iwo, osandiyang'ana n'komwe.

A Stanley sanaimbe wezulo womaliza. Ligi yathu ili ndi lamulo lakale, lomwe linabwera chifukwa cha ng'ombe zodutsa pabwalo popita kudambo: masewero akaima, amayambira pomwe anaimira, anthu omwewo, malo omwewo, mpira womwewo. Choncho a Stanley anakhoma chikhomo pomwe panali mpira, analemba m'kope mwawo pomwe aliyense anaima, anaimitsa wotchi yawo, n'kupanira mpira m'khwapa.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa Melody. Ndinaima patali monga ankalangizira pa wailesi, iye akusenda chinangwa pakhonde.

"Nanga yankho lija?"

"Mpira watha?"

"Anthu onse anabalalika."

"Sindinafunse za anthu."

Ndinathamangira kwa a Stanley. Ndinawapeza akufunsa nthawi kwa mayi wogulitsa tomato, wotchi yawo ili pamkono.

"Wotchiyi ili pa ntchito ya ligi," anandiuza. "Kwa iyo, tikali m'masewero."

"Ingoimbani wezulo, madala. Panopa. Palibe adziwe."

"Ndiimbe wezulo pamsika? Ndathetsa chiyani, malonda?"

"Ndiye penateyo ndaikana. Sindikuifunanso."

"Si yako yoti uikane, mwana wanga. Ndi ya ligi. Ndipotu mwalamulo unayenera kukhala utaima pachikhomo paja mpaka pano. Ndakulola kupita kwanu chifukwa ndimawadziwa amayi ako."

Anandiletsanso kuponda pabwalo mpaka tsiku lake, kuti ndisakonzekere mobera Obvious, yemwe anali atatsekeredwa kwa azakhali ake tsidya la Mozambiki.

Miyezi inakwawa. Anthu anakolola, thonje linapita, mphepo ya Juni inabwera n'kupita. Ine ndinkamenya penate paliponse: maungu, zitini, kamodzi mbale ya agalu. Mumtima ndinali nditagoletsa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse Melody ankataya beseni n'kundithamangira, zitumbuwa zikugubuduzika m'fumbi. Ndinamulembera kalata yachisanu ndi chimodzi yofotokoza kuti chikondi sichidikira wezulo. Anandibwezera, atalemba kuseri kwake mawu awiri okha: Mpira watha?

Mu Januwale komiti ya ligi inalola kuti timalize, bola owonerera asapitirire makumi asanu. Ndinadzuka tambala asanalire, ndinachapa jezi yomwe inali yoyera kale.

Titafika, bwalo panalibe. Panali munda wa nshawa, mizere yobiriwira kuchokera golo ili kukafika linalo, maluwa achikasu atamasula. Mitengo ya magolo inangoima pakati pa mbewu ngati alendo osochera. Koma kuchokera pachikhomo cha a Stanley kukafika pagolo panali kanjira kosadzalidwa, kopaliridwa bwino, kosesedwa ngati pakhomo pa tchalitchi.

A Bizwick anali pamenepo ndi ndodo.

"Munda ndi wanga," anatero. "Mukanafuna ndiugoneke chaka chonse chifukwa cha chikhomo? Amene aponde nshawa imodzi, ndithana naye. Kanjirako kokha ndiye si ine. Ndinamuuza mwana wangayu, Melody, kuti adzale ponseponse, iye wandidulira mizere khumi, akuti pali ntchito yake. Loweruka lililonse amabwera kudzapalira dothi lopanda mbewu. Kuphunzitsa ana kumeneku."

Ndinamva mawuwo, koma maganizo anga anali pa ngodya yakumanzere ya golo.

A Stanley anatsegula kope n'kuyamba kuimika anthu mmodzimmodzi m'makwalala a mizere. Wosewera wina wa ku Vubwi anali atasamukira ku Lusaka, ndiye anazika mtengo pamalo pake n'kuuveka jezi. Mkangano unabuka pa Obvious. Anali atakwatira tsidya lija, ndipo tsopano anadzaza theka la golo.

"Ameneyu si yemwe uja," anadandaula kaputeni wathu. "Lamulo likuti anthu omwewo. Awa ndi anthu awiri."

"Ndiwe wansanje, aise," anatero Obvious akusisita mimba. "Kwanu mumadya makalata."

Anthu anaseka akundiyang'ana. A Stanley anagamula kuti dzina ndi lomwelo, choncho munthunso ndi yemweyo.

Mpira unali utaphwa, anaupopa ndi pampu ya njinga. Mayi wina wa komiti anausambitsa ndi sopo katatu, kenaka anasambitsa manja a Obvious, kenaka, ataganiza pang'ono, nsapato yanga. A Stanley anaboola masiki awo pakati, analowetsapo wezulo, anayendetsa wotchi yomwe inagona miyezi khumi, n'kuimba.

Ndinathamanga mapazi asanu aja. Ndinayang'ana Melody, ataima pomwe anaima tsiku lija ndi beseni lomwelo. Sindinayenera kutero. Nsapato yasopo inakumana ndi mpira wasopo, ndipo mpira unauluka pamwamba pa golo, pamwamba pa Melody, n'kukagwera m'munda wa chimanga wa a Christopher, chimanga chotalika kuposa munthu.

A Christopher, omwe ankaonerera ali pachulu, anatsika pang'onopang'ono.

"Muno simulowa munthu," anatero. "Chikumasula ngayaye. Mudzautenga pokolola."

Wina anabwera ndi mpira wina. A Stanley anaupenda, anapukusa mutu. "Mpira womwewo," anatero, n'kuimitsa wotchi pa mphindi ya 89. "Tionana mu Meyi."

Ndinakhala pansi pakanjira paja. Anthu anatuluka m'munda monyang'ama, akudumpha mizere. Obvious anandisiyira chitumbuwa chimodzi pabondo.

Melody anabwera n'kutula beseni. M'manja mwake munali khasu.

"Mpira sunathe," ndinatero, maso ali pansi.

"Ndaona. Ndinalipo."

"Meyi ndi kutali, Melody."

"Iwe Osward, Giredi 12 yonse ija." Anagogoda dothi ndi khasu pafupi ndi phazi langa. "Ukuganiza kuti ndimapalira pano chifukwa chokonda mpira? Sindidziwa n'komwe kuti mumasewera angati."

Ndinayang'ana kanjirako kuchokera pachikhomo mpaka pagolo. Panalibe udzu ngakhale umodzi.

"Nthawi ya nshawa yapita," anapitiriza. "Pano tidzalapo mbatata. Ubwere mawa m'mamawa, usabwere ndi kalata. Ndipo uwauze amalume ako achape jekete, atate amafuna kulankhula ndi munthu wamkulu."

"Ndiye yankho lija ndi limeneli?"

"Yankho ndidzakupatsa mpira ukatha," anatero, akusenza beseni lake. "Gwira khasu."