Juzi ya a Walter

Pa nkhani za maliro, Mwayiwathu anali wamakani. Atamwalira a Walter, nkhalamba yomwe ankaisamala kunyumba ya okalamba ku Edmonton, mumzinda wa London, a ku ofesi anangolembera kalata mlongo wawo, a Peggy, ku Cornwall, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye zinamuwawa. Kwawo ku Ntcheu maliro sapepesa ndi pepala. Umapita wekha, anamfedwa akuone ndi maso.

"Iwe Mwayi, azungu safuna zimenezo," anatero Joyce, mnzake wa kuntchito. "Day off imodzi yomweyo ukaithere mu train? Akakutsekera chitseko, uona."

Mantha amenewo anali nawodi, pakuti a Walter ndi mlongo wawoyo anayambana zaka makumi anayi zapitazo, osalankhulananso. Komabe Loweruka m'mamawa anakwera sitima ku Paddington, m'chikwama muli chitenje, paketi ya shuga ndi juzi yabuluu imene malemuwo sankafuna kuivula.

Tauni ya Polperro, kwawo kwa a Walter ndi a Peggy, inamulanda mtima atangofika. Tinyumba toyera tinathithikana m'mbali mwa phiri, tinjira take topapatiza moti anthu awiri onenepa akhoza kukanganirapo. Padoko lakalekale madzi anali ataphwa, mabwato atagona chammbali pamatope ngati ng'ombe zokhuta. Anaima kukamwa kuli yasa. Munthu kubadwira malo okongola chonchi, n'kukafera m'kachipinda koyang'anizana ndi siteji ya basi! Chisoni chinamugwira.

Atapeza nyumbayo anamanga chitenje n'kugogoda. Anatsegula mayi wamfupi, waimvi, ndodo ili kumanja.

"Ndine amene ndinkasamala a Walter," anatero Mwayiwathu m'Chingerezi. "Ndabwera kudzapepesa maliro."

"Kalata ndinalandira," anayankha a Peggy mouma. "Ine ndilibe mlongo."

Chitseko chinayamba kutsekeka. Mwayiwathu anachita chokhacho chomwe ankadziwa: anagwada pamiyala yozizira ya pakhomopo n'kupereka shuga uja ndi manja awiri. Alendo odzaona malo anasiya kunyambita ayisikilimu n'kumamuyang'ana. A Peggy nawo anadabwa, poti chibadwire sanaonepo munthu akugwadira chitseko ndi shuga. Mpata umenewo ndi womwe iye anatulutsira juzi ija.

Dzanja la a Peggy linachoka pachitseko. Anailandira n'kuyendetsa chala pamizere ya pachifuwa, milomo ikuwerenga chamumtima.

"Ndinaluka ndine," anatero potsiriza. "Amayi ankati doko lililonse linali ndi kalukidwe kake, kuti msodzi akamira, nyanja ikamulavula, adziwike kwawo." Anaitembenuza n'kuona zigamba m'zigongono. "Nanga izi anasoka ndani?"

"Ndine, mayi. Juzi ina iliyonse ankaikana. Iyi tikaichapa, ankakhala pampando pafupi ndi makina ochapira mpaka iume."

A Peggy anaphimba nkhope ndi juziyo n'kulira mokweza, osasamala za alendo aja. Mwayiwathu naye analira nawo, poti ndi zimene anadzera.

Madzulo a tsikulo a Peggy anamuyendetsa tauni yonse, kumuonetsa tchalitchi, phanga la m'mphepete mwa nyanja ndi khoma lomwe a Walter ankadumphirapo m'madzi ali mwana. Madzi anali atabwerera padoko, mabwato onse atadzuka. Pomuperekeza ku basi, a Peggy anali atavala juzi ija, mikono yake ikuwapitirira zala.

"Ukafika ku London, mwana wanga," anatero, "ukawauze a ku ofesiwo kuti mlongo wanga wafika kwawo."