Matayilosi a Achemwali

Alamu anga ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo ntchito amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Vuto lawo ndi pulani. Mukawapatsa pepala lodindidwa ku khonsolo amalipinda pawiri n'kumadzikupiza nalo.

Achemwali anga anakhala zaka zambiri akulirira kukhala ndi chipinda cha pabalaza. Alendo ankawalandirira pakhomo la khitchini, pa mipando yobwereka, amuna awo ali kalikiliki kumangira eni ake nyumba zokongola. Zinkawapweteka mumtima, ndipo sankabisa. Tsiku lina alamu anatopa nako kudandaulako, nakakhoma zikhomo kuseri kwa nyumba n'kukoka chingwe.

"Alamu, kodi apa si pali sepitiki thanki ya chimbudzi?" ndinafunsa.

"Mlamu, iwe zako ndi zosoka madiresi. Thanki ili pansi, ife tikumanga pamwamba. Zikumana pati?"

"Nanga ku khonsolo mwapitako?"

"Ndikapemphe chilolezo pamalo anga omwe? Iwowo anagwirapo njerwa?"

Chipinda chinakwera msangamsanga, ndipo kunena zoona chinakongola. Pansi anayala matayilosi oyera mbee, amene achemwali anasankha okha atazungulira mashopu mpaka mapazi kutupa. Nsapato zinkathera pakhomo. Ngakhale mayi abusa anavula zawo. Achemwali ankakolopa m'mawa, kukolopanso masana, popanda ndi mmodzi yemwe wapondapo, uku akuyimba nyimbo za kwaya.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mvula itayamba, chimbudzi chinayamba kukana. Ukagujumula, madzi ankabwerera n'kukuyang'ana. Kenako pabalaza panabwera kafungo. Alamu anati ndi khoswe wafera kudenga, nakwerako ndi tochi. Atatsika opanda khoswe, mlandu unagwera galu wa aneba. Alendo anayamba kusiya tiyi wa theka, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya mwana yekha kunyumba.

Pomaliza anaitana galimoto yopopa zimbudzi. Dalaivala anatsitsa chipayipi chake, nazungulira nyumba yonse akuyang'ana pansi.

"Bwana, chivindikiro cha thanki chili pati?"

Alamu anakanda m'mutu, nakanda pachibwano. Kenako analoza ndi mlomo kudzera pawindo, pansi pa tebulo la maluwa, pakati penipeni pa balaza.

Dalaivala anaseka mpaka kugwira tayala. Aneba anadzadza pampanda, ndipo nkhani yotere simachedwa panjira. Mawa lake kunabwera mayi woyendera zomangamanga wa ku khonsolo, atavala majombo. Anali waulemu, moti anafuna kuvula majombowo pakhomo. Anagogoda pansi ndi chidendene, pansi n'kuyankha ngati ng'oma.

"Bambo, pamwamba pa thanki sitimangapo. Mpweya wake umadwalitsa, ndipo silabu ya simenti yovindikira thankiyi sinapangidwe kuti isenze khoma. Tsiku lina idzatitimira ana ali pomwepa. Chipindachi chichoke."

Alamu anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anaona mwana wawo wamng'ono akukwawa pansi pa tebulo lija. Anamunyamula okha n'kutuluka naye panja. Pobwerako anali ndi chinyundo chachikulu m'manja, nkhope ili gwaa ndi manyazi.

Achemwali anaima pakhomo.

"Bambo a ana, khomalo gumulani mmene mungafunire. Koma tayilosi langa likasweka ngakhale limodzi, mukagona m'thankimo."

Ndiye munthu wamkulu anagwada ndi tchizulo, n'kumanyamula matayilosi aja limodzilimodzi mwaulemu ngati mazira. Achemwali ankalandira, kupala simenti yakumbuyo, kutsuka m'beseni, kupukuta ndi thaulo la alendo. Ine ndinabwera kudzaseka, sindikana. Koma nditaona misozi ikugwera m'beseni muja, chifundo chinandigwira, ndipo ndinagwada n'kuyamba kuwathandiza kutsuka. Matayilosiwo tinawasanja kunsi kwa bedi, pakati pake tikuika makatoni.

Lolemba lake ndinawaperekeza ku khonsolo. Achemwali anali patsogolo, alamu pambuyo atavala jekete la kutchalitchi. Titafika pa desiki ya ojambula mapulani, alamu anakonza kukhosi kuti ayambe kufotokoza. Achemwali anatsegula chikwama chawo, natulutsa tayilosi limodzi lokulungidwa m'mpango, n'kuliika patebulo.

"Achimwene, ndili nawo okwana chipinda chathunthu. Tiuzeni pamene lamulo likulola, awa akamanga pomwepo."